Filimu ya Amayi Inafika ku Zemba

Ndinanyamuka ku Lusaka Loweruka m'mawa, anzanga apakoleji akadali m'tulo ta phwando. Unali Disembala wa 1996. Dzulo lake, tonse otsiriza maphunziro ojambula mafilimu tinaonetsa ntchito zathu m'holo, ndipo yanga, ya nyimbo za pamtondo za kwathu ku Zemba, anthu anaiwombera m'manja mpaka ena kuimirira. Kenako kunali nyama yowotcha, mowa ndi magule, koma ine sindinakhalitse. Wotsogolera nyimbo m'filimumo anali amayi anga, ndipo tinali titawaika m'manda mu Ogasiti. Atate anali asanaione filimuyo. Tepi ndinaikulunga m'chitenje n'kuifungatira ngati khanda.

Basi ya ku Chipata inali K12,000, ndipo kondakitala analumbira kuti tikunyamuka pompano. Pompano wakeyo anakwana dzuwa litatentha kale. Pamlatho wa Luangwa mayi amene ndinakhala nawo pampando anagula nsomba zouma zodzaza thumba, ndipo fungo lake linatiperekeza mpaka ku Nyimba, kumene nthochi zinayamba kulowera pamawindo.

"Mwanawe, wafungatira chiyani chosatula pansi?" anandifunsa mayiwo.

"Ndi filimu ya amayi anga."

"Amaoneka pa vidiyo? Koma ali ndi mwayi mayi ako."

Ndinangogwedeza mutu n'kuyang'ana kunja, chifukwa misozi inali pafupi.

Ku Chipata ndinagona kwa azakhali, ndipo m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Chadiza pa K3,000. Mvula inali itaulima msewu. Paliponse pamene tatitimira, amuna ankatsika kukankha, ife akazi tikuwalangiza tili pouma. Bambo wina wa jekete la kutchalitchi anabwerera m'galimoto matope mpaka m'makutu, ndipo ndinaseka koyamba paulendo wonsewo.

Tinafika paboma masana. Pafupi ndi msika panali a Mwale, amene ankaonetsa mafilimu a karate m'kanyumba ka malata. Ndinawapempha kuti tinyamule TV, deki yoonetsera matepi ndi jenereta yawo kupita nazo kumudzi.

"Ku Zemba? Ndi matope amenewa? Pepani, mayi."

Nditawauza kuti filimuyo ndi ya amayi anga n'kutchula dzina lawo, anasintha mawu.

"Anaphiri aja ankaimba kwaya ya amayi? Anaimba pamaliro a mwana wanga. Mugule petulo yekha."

Lolemba m'mamawa achimwene anga anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. TV tinaikhazika pamasaka, a Mwale ataigwira mbali zonse, akukalipira ng'ombe pa dzenje lililonse. M'minda chimanga chinali chofika m'mawondo, ndipo anthu ankasiya kupalira kuti afunse ngati tikusamuka.

Atate tinawapeza pakhonde, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira. Tinatchinga mawindo ndi masaka, ndipo azimayi onse amene anasinja ndi amayi anga tsiku lojambula anadzaza pamphasa. Jenereta italira, amayi anga anaonekera, munsi uli m'manja, akuyambitsa nyimbo. Anzawo aja anaipolokozera akulira. Atate anangokhala phee, chipewa chili pabondo, osaphethira, mpaka maina a ojambula anayamba kukwera pa TV.

"Yatha?" anafunsa atate.

"Yatha, atate."

"Nanga paja anandikalipira?"

Mtima unandigwa. Tsiku lojambulalo atate anadutsa ndi njinga kumbuyo kwa mtondo, ndipo amayi anatula munsi n'kunena kuti, "A Banda, tachokani apo, mukumuwonongera mwana sukulu." Atate anayankha zoseleula, amayi n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. Kwa ife ojambula, munthu akalowa pachithunzi mosakonzekera, m'pamene timayambira kudula. Ndi zimene anatiphunzitsa, ndipo ndinakhoza nazo bwino.

"Ndinadulapo, atate. Kusukulu amati pamenepo m'polakwika."

"Chabwino. Koma unasunga penapake?"

"Matepi oyamba aja ndi akoleji. Anajambulapo kale ena."

Atate anatembenuza chipewa chawo, akuchiyang'ana m'kati.

"Waigwira bwino ntchito, Esinati," anatero. "Kungoti nyimbozo ankaimbira mudzi wonse. Pajapo m'pamene ankayankhula ndi ine."

Anadzuka, nathokoza a Mwale powagwira chanza ndi manja awiri, n'kutenga khasu kulowera kumunda. Palibe anawaletsa.

Ndinatsala m'nyumbamo ndikulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Kukoleji anandiphunzitsa kusankha choyenera kutsala ndi choyenera kutaya, ndipo a ku Lusaka anavomereza kuti ndinasankha bwino. Koma ndinayenda ulendo wonsewo nditafungatira amayi a anthu onse. Mkazi wa atate ndinali nditamutaya ndekha, ndi manja angawa.