Mtengwa ndi Apongozi Ake pa Siteji Imodzi

Chaka changa chachitatu ku Chitipa ndinadzipatsa ntchito imene panalibe anandituma. Ndinalemba sewero la nyimbo, la mtsikana amene anathawira ku Tunduma, kutsidya kwa malire, n'kubwerera kwawo chimanjamanja patapita zaka. Ndine mayi wa ku Dedza, ndinabwera kudzaphunzitsa kusekondale, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Amene ndinawasonkhanitsa m'holo ya tchalitchi kuti tiziyeserera anaudziwa msanga mtimawo.

Sewero lonse linkatsamira pa nyimbo yomaliza. Mwana wafika pakhomo n'kugwada, bambo ake amuyang'ana, aimba molandizana, kenako bamboyo amudzutsa n'kumukumbatira. Mukachotsa pamenepo, chotsala ndi kwaya wamba.

Mbali ya mwana ndinapatsa mtsikana wina wosoka zovala pamsika, wa mawu oti akakweza, ngakhale ogulitsa nthochi kumsewu ankasiya malonda. Mbali ya bambo ndinapatsa mkulu wina wa ku Kaseye, mlimi, amene anaimbitsa kwaya moyo wake wonse koma anali asanakwerepo siteji. Masana aliwonse ankapalasa njinga m'mphepo ya Ogasiti yodzaza fumbi m'mano ija, ndipo sanachedwepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Patatsala milungu iwiri kuti titsegule, mtsikana uja anakwatiwa ndi mwana wa mkulu yemweyo. Ku ukwati ndinavina, ndinalulutira mpaka kusasa mawu, ndikudzitama kuti sewero langa ndi limene lakumanitsa mabanja. A m'gulu langa ankangoyang'anana. Ine ndinkayesa akuchita nane nsanje.

Lolemba la sabata yotsegulira, mkwatibwi anabwerera ku ntchito yathu. Anafika pakhomo la holo, n'kuona mkulu uja ataima pafupi ndi kiyibodi. Anakoka chitenje kuphimba kumutu, n'kunjuta kuseri kwa chitseko. Mkuluyo naye anatola chipewa chake mwakachetechete n'kutulukira khomo linalo. Ndikaitana uyu, uyo ankatuluka. Ndikathamangira uyo, uyu ankasowa.

"Kodi mukuchita chibisalirano? Loweruka ndi ili lafikali!" ndinakalipa.

Mnyamata woimba kiyibodi, wobadwira konkuno, ndi amene analimba mtima, akunditchula kuti Asambizgi, mmene amaitanira aphunzitsi kuno. "Asambizgi, phepani chomene. Aja tsopano ndi adadavyala ake, apongozi. Mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sayang'ana nkhope ya adadavyala, sayima nawo pamodzi. Zowagwira dzanja ndiye yayi."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Timayesa mukudziwa, Asambizgi. Munavina chomene tsiku lija."

Ndinapsa mtima koopsa. Kwathu nakonso mkamwini amapatukira kutchire akaona apongozi ake aakazi, zimenezo ndinakula nazo. Koma ndinkati ili ndi sewero, pa siteji munthu sakhala iye mwini. Kunyumba ndinakagona ndi mawu amenewo, m'mawa ndinadzuka nawo.

Lachiwiri ndinachita chinthu chimene chimandichititsabe manyazi. Ndinauza mkulu uja kuti aime pa siteji osasuntha. Ndinatuluka, ndinagwira mtsikanayo pamkono, n'kumukokera m'holo pamaso pa gulu lonse. Anayenda nane masitepe angapo, kenako anagwada pasimenti ataphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mkuluyo anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Ng'oma zinasiya, m'holo munangoti zii.

"Madamu," mtsikanayo analankhula chapansipansi, "Loweruka anthu akaomba m'manja adzapita kwawo. Inunso tsiku lina adzakusamutsani. Ine ndidzapita kunyumba kwa awa."

Ndinausiya mkonowo. Komabe mkwiyo sunandichoke, chifukwa zoona zake sizinandipatse nyimbo yomaliza.

Lachitatu ndi Lachinayi ndinayesa ena. Mtsikana wachiwiri akafika pokweza mawu ankangolira ngati chitseko chosowa mafuta. Bambo wina wa ku ofesi ya zaulimi anavomera mbali ya bambo, koma ankaiwala mzere uliwonse n'kumaseka yekha. Uku mapepala oitanira anthu anali atamatidwa pamsika, makwaya a ku Misuku ndi ku Wenya atatumiza uthenga kuti akubwera. M'kalasi ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndikuphunzitsa.

Mmodzi anayenera kuchoka, ndipo ndinkadziwa kuti ndani. Mtsikanayo ankanyamula pafupifupi nyimbo zonse, mkuluyo ziwiri zokha. Ndinaganiza zomuuza mkuluyo Lachisanu kuti miyezi yonse anapalasa njinga ija yapita pachabe, ndipo ndinayeserera mawuwo njira yonse yochokera kusukulu.

Ndinamupeza atafika kale, ali kuseri kwa holo, akuunjika njerwa pansi pa windo loyang'ana kumbuyo kwa siteji.

"Monire, Asambizgi. Ndayeza. Ndikaima apa, kiyibodi ndikuimva makora, bwinobwino. Waya wa maikolofoni ukufikanso. Pa siteji muike chitseko chotseka, mwana agwade panja pake. Bambo aziimbira m'nyumba."

"Nanga kukumbatirana kuja?"

"Kusiyeni."

"Adada, anthu sadzakuonani ndi pang'ono pomwe."

"Akamuona iye zakwana. Kumva mawu anga mwambo suletsa."

Ndinafuna kutsutsa, chifukwa kutsutsa ndiye ntchito yanga, koma nthawi inali itandithera. Tinayeserera kamodzi kokha, ndipo mphepo inkalowa m'maikolofoni n'kumeza theka la mawu ake. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti mawa ndikachita manyazi pamaso pa boma lonse.

Loweruka masana holo inadzaza mpaka ena kukhala pansi m'mipata. Nyimbo zoyamba zinayenda, koma ine sindinazimve. Ndinaima pambali pa siteji, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, ndikumvetsera mphepo ikugwedeza malata.

Inafika nthawi. Mtsikana uja anayenda ndi kachikwama kake, anagwada patsogolo pa chitseko chotsekacho, n'kuimba kupempha kuti amutsegulire. Anamaliza mbali yake. Woimba kiyibodi anapereka poyambira bambo. Kunalibe mawu. Anabwerezanso, akundiyang'ana ndi maso a mantha. M'masipika munkangomveka mphepo. Kumbuyo wina anatsokomola, wina anayamba kuseka. Ndinaluma chala mpaka kumva kuwawa.

Kachitatu mawu aja analowa, okhuthala, onjenjemera pang'ono, akuitana mwana wake. Woseka uja anasiya. Mtsikanayo anatsamiritsa chipumi pachitseko n'kuyankha, ndipo analandizana mpaka kumapeto, chitseko chili chitsekere. Amayi a kumudzi amene anakhala kutsogolo ankapukuta maso ndi nsonga za zitenje. Iwo ankadziwa amene akuimbayo, ankadziwanso chifukwa chake sakuoneka.

Anthu anaimirira. Osewera onse anafola pa siteji kuwerama, mtsikanayo ali pakati. Kenako aphunzitsi anzanga ochokera kumwera anayamba kukuwa kuti bambo aonekere, ena n'kuwatsatira, akumenya mabenchi.

Ndinathamanga kuzungulira holo. Ndinamupeza akadali pa njerwa zake, maikolofoni ili m'manja. Anali atavala jekete yosita bwino ndi tayi, nsapato zopolisha, zonse zitayera ndi fumbi. Zonsezo anavalira khoma, popanda womuona.

"Adada, akukuitanani m'katimo."

Anapukusa mutu. "Mkamwana akadali pa siteji. Musiyeni alandire." Kenako anatsitsa mawu. "Wayimba makora chomene, moti poyamba paja pakhosi panga panatseka. Koma ndiuzeni, Asambizgi, pogwada paja amaoneka bwanji?"

Misozi inanditsika, ine amene ndinkati sindilira pamaso pa anthu. Ndinayamba kumufotokozera, m'holomo akumuitanabe.