Nyimbo Imene Sindinaimbe ku Ntchisi

Ndinanyamuka kwathu kwa Dzoole Lolemba, sikisi koloko m'mawa, mwezi wa Januwale, chimanga chitafika m'chiuno. M'chikwama ndinaikamo Baibulo, buku la nyimbo, shuga ndi sopo. Ndinkapita kumapiri a Ntchisi kukaona mlongo wanga Enelesi, amene pakhomo pake ndinali ndisanapondepo kwa zaka khumi ndi zisanu.

Enelesi anakwatiwa pamitala, mkazi wachiwiri, ndipo mpingo unamudula. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo tsiku limene bwalo la akulu linagamula nkhaniyo, dzanja langa ndilo linayamba kukwera. Tsopano mwamuna wake anali atamwalira, iyenso akudwala chifuwa chosamva mankhwala. Kwathu munthu akafa ali wodulidwa, mpingo suimba pamaliro ake. Ndinkafuna kukamuuza kuti njira yatseguka: alowe kalasi ya obwerera, abwezeretsedwe nthawi ikadalipo.

Wa kabaza ya njinga yamoto anati K3,000 mpaka pa Mponela. Ndinanenerera ndithu, koma iye anangotchula mtengo wa petulo, ine n'kungokwera. Pa Mponela ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri podikira galimoto ya ku Ntchisi. Inali kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, koma tinalowamo khumi ndi mmodzi, kuonjezapo madengu a tomato, aliyense K6,000. Bondo langa linayenda ulendo wonse pamsana pa munthu amene nkhope yake sindinaione.

Pambali panga panakhala abusa achinyamata a mpingo wa masiku ano, suti yawo yonyezimira ngati malata atsopano. Ataona buku langa la nyimbo anamwetulira.

"Bambo, ndinu a mishoni eti? Ndikufunseni. Dipo limene Yesu anapereka, analandira ndani?"

Anandikanda poyabwa. Ine ndi mtsutso tinabadwa tsiku limodzi.

"Nenani ndinu, abusa."

"Satana. Si ndiye anatigwira ukapolo? Wogwira ndiye amalandira."

"Mulungu alipire wakuba? Dipo linapita ku chilungamo cha Mulungu mwini."

Mavesi anayamba kuuluka m'galimotomo. Tinachoka pa dipo, tinalowa pa chisomo. Iwo ankati munthu akangokhulupirira, zatha, ngakhale ali pamphasa. Ine ndinkati chisomo n'chaulere inde, koma nyumba ili ndi khomo, munthu salowera pawindo. Dalaivala anakweza wailesi, ife tinakweza mawu.

Cha m'ma teni koloko galimoto inatitimira m'matope potsetsereka pena. Tonse tinatsika. Amuna anayamba kukankha, ine ndinazemba ndi imvi zanga, abusa anazemba ndi suti. Pakhomo lina pafupi ndi msewu panali mbuzi yomangirira pamtengo wa mango, ikulira mosalekeza. Mayi wina, mwini madengu a tomato aja, anatiuza kuti mbuzi yotere ndiye kuti yagwidwa ikudya chimanga m'munda mwa eni, ndipo ikhala pachingwe mpaka mwini wake adzaiombole ndi nkhuku.

"Inu akuluakulu," anatero mayiyo, "chichokereni pa Mponela mwakanirira pa amene analandira. Taifunsani mbuziyo ngati ikudziwa amene adye nkhukuyo. Iyo maso ali kunjira basi, kuti kaya mbuye wanga akubwera."

"Mayi, munthu si mbuzi," ndinayankha.

Anthu anaseka, ndipo ine ndinakwera galimoto ndikudzimva kuti ndapambana. Ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinakwezera mapewa.

Pa boma la Ntchisi tinafika dzuwa lili paliwombo. Abusa anandipatsa dzanja n'kunena kuti tidzamalizira kumwamba. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K2,000, kenaka ndinagwirizana ndi wa njinga yamoto wina kuti andiperekeze ndi kundibweza pa K8,000. Anandichenjeza kuti mvula ikatipeza kumtundako, msewu umasanduka sopo. Tinakwera mapiri, minda ya fodya ndi nyemba itakakamira m'mbali mwa zitunda, mphepo ikuzizira ngati Juni. Potsetsereka ndinkapemphera mapemphero aafupi kuposa amene ndimalola ena kupemphera m'tchalitchi.

Thu koloko ndinali pakhomo. Amene anandilandira chikwama anali a Nabanda, mkazi wamkulu wa malemu alamu anga, mayi yemweyo amene Enelesi anamulowera m'banja. Ndiwo ankamusambitsa, kumuphikira phala ndi kumutembenuza. Sindinadziwe poyang'ana.

Enelesi anali pamphasa pakhonde, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwabweradi?"

"Ndabwera."

"Njira imeneyo ndaiyang'ana mpaka ndinaisiya." Anatsokomola, kenaka anaona buku limene linasuzumira m'chikwama. "Mundiimbireko nyimbo ija amayi ankaimba posinja. Ndime yoyamba ndimaitha, koma yachiwiri inandithawa. A Nabanda nawonso saidziwa."

"Tiimba," ndinatero, "koma tiyambe ndi nkhani imene ndadzera."

Ndipo ndinayamba. Ndinafotokoza kuti chopinga chachoka popeza mwamuna anamwalira. Ndinafotokoza za kalata yopita ku bwalo la akulu, za miyezi ya kalasi, za tsiku loimirira pamaso pa mpingo. Ndinathiramo ndi zina zimene ndinalephera kuwauza abusa a suti aja m'galimoto. Zonse ndinazisanja bwino, palibe pamene ndinaphonya. Iye ankavomera ndi mutu, kenaka maso anatsekeka. Pamene ndinkamaliza n'kuti ali m'tulo.

"Musamudzutse, alamu," anatero a Nabanda. "Tulo timamusowa."

Bingu linagunda kuseri kwa phiri, ndipo wa njinga uja analiza hutala kawiri. Ndinasiya shuga ndi sopo, ndinati ndibweranso Loweruka, tidzaimbe bwinobwino. A Nabanda anandiperekeza mpaka pamsewu.

Mvula inatipeza tikulowa pa boma. Galimoto yobwerera inali phee, munalibe wotsutsana naye. Podutsa pa mtengo wa mango uja ndinasuzumira pawindo. Mbuzi panalibe, panatsala chingwe chokha. Kwa Dzoole ndinafika usiku, nsapato zili m'manja.

Lachinayi m'mawa foni inalira. Anali a Nabanda. Enelesi anali atatisiya m'bandakucha, bwalo la akulu lisanaone n'komwe kalata imene ndinalemba nditabwerako. Ndinadziwa pomwepo kuti apita kumanda popanda nyimbo, monga mwa lamulo limene ine ndemwe ndalitchinjiriza zaka zonsezi.

"Lolemba lija atadzuka anafunsa za inu," anatero a Nabanda. "Anati, kodi achimwene aimba ine ndili m'tulo?"

"Munamuyankha chiyani?"

"Ndinati eya, aimba ndime zonse. Anakondwa kwambiri. Ngati ndinachimwa, alamu, mudzandidule."

Funso la amene analandira dipo ndingaliyankhe ngakhale lero, ndi mavesi ake omwe. Koma ine ndinayenda mtunda wonse uja kukafika pamene mlongo wanga anamangiriridwa, n'kukhala pansi kumufotokozera za chingwe. Zimandiwawa. Ndime yachiwiri ija ili ndi mizere inayi yokha, ndipo ndimaidziwa pamtima.