Maungu a Padenga

Chaka chimene ndinkakonda alimi a ku Bengal kuposa abale anga, ndinkachita lendi ku Ilford, m'nyumba ya zipinda zapansi ndi zapamwamba. Ine ndinali pansi. Ndinali nditasiya choko ndi ana asukulu ku Zomba n'kubwera ku London kudzachita digiri yachiwiri ya mbiri yakale, ndipo aphunzitsi anandisenzetsa mulu wa mabuku onena za kuukira kwa alimi osauka a kumeneko. Anali mabuku olemera, okhala ndi timawu ta m'munsi mwa tsamba tochuluka kuposa nkhani yeniyeniyo, koma ine anandigwira mtima zedi.

Nkhani yake inali iyi. Mlimi analibe munda wakewake. Ankalima mpunga pamalo a wina, kuwokera, kupalira, kumweta, kenako n'kusenza zokolola zonse kupita nazo pabwalo la mwini malo, kumene ankazigawa pakati ndi pakati. Chaka china alimiwo anatopa nazo. Anati magawo awiri mwa atatu ndi athu, ndipo mpunga tikapunthira pabwalo pathu, osati panu. Apolisi atabwera, amayi a m'midzimo anawachingamira ndi matsache ndi minsi. Ndikafika pamenepa ndinkaomba tebulo ndekha ngati ndili ku mpira.

Amene ndinkadana nawo kwambiri sanali eni malo akuluakulu okhala kutali mumzinda. Anali anthu apakati, amene ambiri a iwo malowo anachita kupatsidwa ndi akuluakuluwo, koma iwo n'kukhala pamthunzi, kulimitsa anzawo, n'kumadya theka. M'nkhani imene ndinalembera aphunzitsi ndinawatcha nkhupakupa. Aphunzitsiwo analemba m'mbali mwa pepala kuti ndichepetseko ukali, ine n'kuona ngati nawonso ali mbali ya odyera anzawo masuku pamutu.

Wokhala pansi m'nyumba ija ndiye anali ndi kabwalo kakuseri, pamodzi ndi kiyi wa geti yolowera kumeneko. Kabwaloko kanali thengo lokhalokha, pakati pake pali njinga yadzimbiri imene wina anaisiya. Ine sizinkandikhudza. Ndinakulira m'tauni, mwana wa kalaliki wa boma, ndipo khasu ndinaligwirako pachibalo kusukulu basi.

Pamwamba pankakhala mayi wina wamasiye wochokera ku Bangladesh, mbali ya Bengal yemwe uja wa m'mabuku anga. Mwana wawo ankagwira ntchito m'nyumba yodyera ndipo sankaoneka masana. Chingerezi cha mayiwo chinali chochepa, choncho tinkangopatsana moni pamasitepe. Tsiku lina kuzizira kutayamba kutha anagogoda pakhomo panga, n'kumasula kansanza komanga mfundo. M'katimo munali nthanga za maungu zosadzaza n'chikhatho chomwe.

Anandifotokozera ndi mawu ochepa komanso manja ambiri. Nthangazo anabwera nazo amuna awo paulendo wawo womaliza wa kumudzi, asanamwalire. Mayiwo anayesa kuzidzala m'zitini pawindo, koma zinkangomera n'kufota. Zimene zinatsala ndi zimenezi, ndipo zinkakalamba. Dzungu limodzi likapanda kukhwima chaka chino, mbewu ya kwawo yatha. Ankapempha pakabwalo paja.

Ndinamva zonse, sindinganame kuti chilankhulo chinandisokoneza. Koma nditangoona kuti ndi maungu, mtima wanga unathamangira ku nkhwani. Kuchokera pamene ndinatsika ndege sindinalaweko nkhwani, ndinkangodya sipinachi ya m'mapaketi imene ukaiphika imasungunuka n'kutsala supuni imodzi.

"Palibe vuto, mayi," ndinatero. "Koma tigawana. Theka lanu, theka langa."

Ndinanena moseka, iwo n'kuvomera osaseka. Kiyi sindinawapatse. Ndinawauza kuti akafuna kulowa azigogoda, ndiziwatsekulira, poti malo a lendi amafuna kusamala.

Kuyambira pamenepo masiku anga ankayenda chimodzimodzi. M'mawa mayi agogoda, ine nditsekula geti, n'kubwerera patebulo langa la pawindo ndi kapu ya tiyi. Iwo anazula thengo lonse ndi kakhasu kakafupi, anakokera njinga ija kumpanda, anatuta makoko a mbatata ndi masamba a tiyi kudzathira m'mapando. Ine ndili chikhalire, kuseri kwa galasi, ndikudula mizere pansi pa ziganizo zonena za thukuta la mlimi. Nthawi zina ndinkatsekula windo n'kuwalangiza kuti athirire kwambiri phando lakumanzere. Ndinkadziona ngati munthu wa mtima wabwino amene wathandiza mayi wamasiye.

Maungu anamera, n'kuyamba kuyanga. Tsiku limene ndinaona masamba atatambasuka, ndinatuluka ndi mbale. Kwathu nkhwani sutchola masamba okalamba, umatsina nsonga zanthete, n'kuonjezapo chiluwe ndi timaungu tating'ono kuti ndiwo zikome. Ndinachita monga anandiphunzitsira mayi anga. Ndinasadzula, ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo, ndipo ndikudya ndinagwetsa msozi weniweni. Ndinadziuza kuti ndangotenga theka langa. Sindinaganize kuti kuno dzuwa limakhala miyezi yowerengeka, kuti nsonga ukaitsina ilibe nthawi yokwanira yophukira n'kubereka chisanu chisanabwere.

Mbiri inawanda ku tchalitchi kwathu ku Barking kuti kuli munthu ali ndi nkhwani. Ndinaiwanditsa ndine. Achemwali anga, mwana wa amayi aakulu, amene anali namwino pachipatala ku Romford, anandikokera pambali mapemphero atatha.

"Iwe, ndamva uli ndi garden. Since when iwe ukulima?"

"Aa, achemwali, timayesetsa," ndinayankha modzichepetsa.

"Ndiye Sunday ikubwerayi ndili off. Ndibwera ndi anzanga a pa ward, usatichititse manyazi."

Anabwera gulu, ena ndi ana awo. Ine ndinali nditalowa m'kabwalo muja Loweruka madzulo n'kukolola ngati ndikusamuka mawa lake. Alendo anadya, ananyambita zala, anandiyamika kuti ndine mayi weniweni amene sukulu sinamuwononge. Ine ndinawabwezera ulemuwo powakambira za alimi a ku Bengal mpaka ena anayamba kuyang'ana nthawi ya basi.

Lolemba m'mawa mayi apamwamba anagogoda, ndinawatsekulira. Anaima pakati pa mapando nthawi yaitali. Anatola kadzungu kena kamene ndinakagwetsa pothyola, kofanana ndi dzira la nkhunda, anakatembenuza m'manja, n'kukaika m'thumba la juzi. Sanandiyang'ane. Ndinachita manyazi pang'ono, koma ndinawakankhira kumbali ndi mfundo yakuti pangano ndi pangano.

Sabata imeneyo anayamba kumanga zingwe. Khitchini yanga inali yochita kuonjezera kuseri kwa nyumba, ya denga lafulati, ndipo windo la chipinda chawo linkatsekukira padenga pomwepo. Anaponya zingwe kuchokera pawindopo mpaka pansi, n'kumakulunga nsonga zimene zinapulumuka, imodzi imodzi, kuti zikwere. Ine ndinaziona ngati zokongoletsa. Ndinawayamikira kuti anthu a kwawo ali ndi luso, ndipo ndinalingalira zoikako chiganizo chimodzi m'nkhani yanga chonena za nzeru za mlimi wamba.

Patapita masabata angapo ndinatuluka ndi mbale yanga, n'kupeza pansi patatsala masamba okalamba okhaokha, olimba, oyabwa m'manja. Nsonga zonse, chiluwe chonse, zinali padenga. Ndikaima kumpanda n'kusuzumira, ndinkaona zikusefukira kumeneko, zobiriwira bwino, pamwamba pa khitchini yanga yomwe. Ndinapsa mtima, ndipo ndikunena zoona, ndinamva kuti andibera. Malo ndi anga, kiyi ndi wanga, madzi othirira akuchokera pampopi wanga, ndiye zokolola azitengera kwawo?

Tsiku limene ndinaganiza zotenga gawo langa, achemwali anali atabwera kudzandiona, atakhala m'khitchini akuvula nsapato za kuntchito. Ndinatulutsa mpando, ndinatenga ambulera ya chogwirira chokhota, n'kukwera. Ndinakola chingwe chimodzi n'kuyamba kukoka. Mtsitsi wonse unagwedezeka, ndipo padenga panamveka chinthu cholemera chikugubuduka pang'ono.

Windo lapamwamba linatseguka mwamphamvu. Mayi aja anatulutsa mutu ndi mapewa, mpango utagwera kumbuyo, m'manja muli tsache. Sanandimenye. Anangoliloza pamphumi panga, nalankhula mawu ambiri m'chilankhulo chawo, mawu amene sindinawamve koma sanafune womasulira. Munthu amene ndinkamudziwa ngati wofatsa, woyenda chozemba pamasitepe, maso ake anali psu.

Ndili chiimire pampando paja, ambulera m'mwamba, ndinazindikira kuti zimenezi ndinaziwerengapo. Ndinali nditaziwerenga m'mawa womwewo, n'kudulanso mzere pansi pake. Zokolola zapita pabwalo la wolima, mayi watenga tsache, ndipo wobwera kudzalanda waima pakhomo. Mabuku onse aja ndinawawerenga ndikudziika kumbuyo kwa tsachelo. Sindinaganizepo kuti ndingadzaime kutsogolo kwake. Ndinafuna kutsika mwaulemu, koma mwendo wa mpando unatitimira m'dothi lofewa limene iwo analima, ndipo ndinakhala pansi mwadzidzidzi pakati pa mapando.

Achemwali anatuluka opanda nsapato. Anayang'ana ine, anayang'ana tsache, kenako anaseka mpaka anagwira mpanda.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada! Ndiye nkhwani ija tinadya ija, analima ndi mayiwa? Iwe unatiuza kuti garden ndi yako!"

"Malowa ndi anga," ndinayankha ndili pansi. Mawuwo atangotuluka ndinalakalaka nditawameza.

Achemwali anakweza maso kuwindo, anawomba m'manja mwaulemu ngati akupepesa apongozi, mayi aja n'kubweza tsache lawo. Madzulo ake ndinakwera masitepe, ndinagogoda, n'kuwapatsa kiyi wa geti. Iwo analandira. Mabuku aja ndinapitiriza kuwawerenga poti mayeso sadikira manyazi a munthu, koma tebulo ndinalisuntha pawindo paja, ndipo mawu oti nkhupakupa ndinawafufuta ndekha.

Zitatha izi ndinayamba kuopa chisanu kuposa mayeso. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana udzu ngati wayera, kenako n'kupita kumpanda kukasuzumira padenga. Timaungu tambiri tinabereka mochedwa, tinachita chikasu n'kuthothoka. Linatsala dzungu limodzi, lija ndinaligubuduza ndi ambulera, lobisika pansi pa windo lawo. Usiku ankalifunditsa thaulo lakale, m'mawa n'kulivundukula. Masamba anayamba kuuma, mitengo ya mumsewu inayamba kuyoyola masamba, ine mtima uli m'mwamba kuti ngati silikhwima, ndaphetsa mbewu ya malemu chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Tsiku lina ndinasuzumira, dzungu palibe. Masana ake anagogoda. Anali atanyamula theka la dzungu pambale, lofiirira bwino m'kati, lodulidwa mowongoka pakati penipeni.

"Ayi, mayi, sindinalime ine," ndinatero. Ndinayamba kuwafotokozera za m'mabuku, kuti ngakhale alimi a kwawo anagamula kuti wolima atenge magawo awiri, ndipo ine ngakhale limodzi lotsalalo silindiyenera.

Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha mawu. Kenako anandiika mbale m'manja.

"Theka lanu, theka langa," anatero. "Munanena inu."

Anakwera masitepe awo, ine ndinalowa m'khitchini n'kuika dzungulo patebulo. Apa m'pamene ndinaliyang'ana bwino m'kati. Anali atalipala ndi supuni mpaka kusalala, osasiyamo nthanga ngakhale imodzi.