Bowa wofewa wa chaka chimene Chilwa inaphwa

Izi si zongomva ayi, ndinazichita ine ndi manja angawa. Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, bwato la amuna anga lili gada pamatope ku Kachulu, ndipo ife amene tinakulira matemba tinayamba kusaka ndiwo kutchire, kumene sitinkakudziwa.

Alamu anga ankatsuka mabotolo kwa mphunzitsi wina wa zomera ku Zomba. Atabwera kudzacheza anatiuza kuti anasuzumira pa makina okuza zinthu, naona kuti bowa ndi timaulusi tolukanalukana. Anati wa ulusi wa mtundu umodzi ndi wofewa, monga amene timadyayu, wa mitundu iwiri amalimba ngati chikopa, wa itatu ndi uja wouma gwa wa pazitsa, ndipo ophunzira amasiyanitsa bowa poona zimenezi. Ine, ndi Sitandade 3 yangayo, ndinangotolapo kuti wofewa ndiye wodyedwa. Kodi iwo ananena choncho? Ayi, ndinawonjezera ndekha.

Mvula itagwa ndinapita kumtunda ndi dengu, bowa aliyense ndikumung'amba, wolimba kutaya, wofewa kuponya m'dengu. Pobwera ndinakumana ndi mayi wina wachisilamu, neba wathu amene ankagulitsa bowa ku Songani. Anatola woyera wina, wofanana ndi ndelema, nandifunsa dzina lake. Nditalephera, anati bowa wopanda dzina salowa mumphika. Ine, pakamwa pangapa, ndinawayankha kuti za kusukulu sangazimve.

Tinadya atatu, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu, amene ndinamupakulira kawiri chifukwa anali atakhala masabata osaona ndiwo zabwino. M'mawa mwake tonse tinali kusanza ndi kutsegula m'mimba. Tsiku lotsatira mwanayo anadzuka nkumasewera pakhonde, ine nkumathokoza Mulungu kuti zatha. Mkucha wake ndinamuyang'ana m'maso, ali chikasu. Bambo ake anamupalasira pa njinga ku chipatala, koma madzulo anabwera akuikankha njingayo, mwana atamufunditsa chitenje changa mpaka kumutu.

Amene anasambitsa nane maliro ndi mayi aja ndinawanyoza, ndipo za bowa sanatchulepo.

Alamu sananame, timaulusi tilipodi, koma ndikhulupirira kuti timaulusito sitinena za poizoni. Inu anzanga, bowa amene simukumudziwa dzina musiyeni pomwepo, afewe bwanji. Amene ndinamupakulira mwana wanga uja ndiye anali wofewa kuposa onse m'dengumo.