Mtsempha Wong'ambika wa Achemwali

Achemwali anga aakulu ankalima mpunga kudambo la ku Chilwa. Thumba limene amuna awiri ankathandizana kukweza panjinga, iwo ankalisenza okha pamutu. Amuna awo, alamu anga, ntchito yawo inali ndale. Zipani zitachuluka anaponya khasu kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kuyenda m'misonkhano, kuombera m'manja aliyense wobwera pagalimoto.

Tsiku lina nthawi yokolola achemwali anaterereka m'matope thumba lili pamutu. Sanagwe, koma khosi linapotoka. Anafika kunyumba mutu ukuwawa kuchokera m'khosi mpaka kuseri kwa diso lakumanzere, ndipo patapita masiku awiri chikope cha diso lomwelo chinagwa ngati cha munthu wosinza.

Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale cha ku Fort Lister. Pamene ndinkafika kumudzi, alamu anali atalidziwa kale tendalo. Anati ndi malungo. Kuchipatala chaching'ono chakwathu bambo wolembera mankhwala anagwirizana nawo osadzutsa n'komwe mutu pakabuku, n'kupereka mankhwala a malungo. Titabwereranso anapereka panado. Apo alamu anasintha maganizo, akuti mayi wa munda woyandikana ndi wathu ndiye wawalodza chifukwa cha malire. Achemwali ankanenabe za khosi, koma panalibe wowamvera.

M'mawa wina kapu inawapulumuka m'dzanja lamanja, lilime n'kulemera, mawu osamveka. Patapita kanthawi zinabwerera mwakale. Alamu anati mwaona, achira. Ine ndinawakweza matola kupita nawo kuchipatala chokulirapo.

Kumeneko tinapeza dokotala wachitsikana. Anawaunika maso onse awiri ndi katochi, kenaka anafunsa: "Mayi, khosili munalipweteka liti?"

Achemwali anangoyamba kulira. Pa anthu onse aja, uyu ndiye anali woyamba kufunsa. Anatilembera kalata yopita kumzinda, kumene kunali makina ojambula mitsempha ya m'mutu.

Alamu anakana kupita. Sabata imeneyo kunali msonkhano waukulu, komanso anamva kuti makina oterowo amapopa magazi a anthu. Munthu yemweyo ankaima pachulu kulonjeza anthu chitukuko.

Tinapita awiri. Makina tinawapeza atawonongeka, ndipo tinadikira masiku opitirira sabata kwa msuweni wathu. Atawakonza, achemwali anawagoneka pakabedi kopapatiza kamene kanawalowetsa mutu m'chibowo chozungulira. Anawabaya mankhwala pamkono oti mitsempha ioneke bwino. Atatuluka anandinong'oneza kuti thupi lonse linatentha mpaka ankaganiza kuti adzikodzera pamaso pa anthu. Tinaseka, koyamba m'mwezi wonsewo.

Dokotala wamkulu anaika chithunzicho pagalasi lowala. Anationetsa mitsempha iwiri yokwera m'khosi kupita ku ubongo. Wakumanja unali wodzaza bwino. Wakumanzere unafika pena n'kuwonda ngati ulusi. Anafotokoza kuti khoma la mtsempha lili ndi zikungu zingapo, ndipo chamkati ndicho chinang'ambika tsiku lija. Magazi analowa pakati pa zikunguzo n'kutupitsa khoma, njira n'kuchepa. Kapu ija inagwa chifukwa kamagazi koundana kanathothoka pamenepo n'kukatseka kanjira kena mu ubongo.

"Musasenzenso kanthu pamutu, mayi. Ngakhale ndowa yopanda madzi," anatero.

Mankhwala ake anali asipirini, kamodzi patsiku kwa miyezi ingapo. Asipirini yemweyo amene ankachita fumbi pagolosale yakwathu nthawi yonse imene tinkathamangitsa malungo ndi mfiti.

Titafika kumudzi alamu analandira envelopu ya chithunzi chija asanafunse n'komwe kuti akazi awo ali bwanji. Mawa lake anali nayo pamsika. Ankachikweza chithunzicho kudzuwa, chozondoka, kuuza anthu kuti ndi iwo anayankhula ndi akuluakulu achipani kuti akazi awo alowe m'makina. Ankaloza kadontho koyera pakona, kamene kanali chilembo chosonyeza mbali yakumanzere, n'kumati apa ndi pamene panalowera mankhwala a mayi wa munda woyandikana uja. Anthu ankagwedeza mitu. Mayi wosalakwayo anasiya kubwera kumjigo nthawi imene ena akutunga.

Achemwali zitawafika, anapita okha kukapepesa kwa mayiyo. Anakhala naye pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, kumufotokozera za mtsempha monga mmene anamvera.

Dzanja linachira. Chikope chinatsala chogwa pang'ono mpaka lero. Chaka chimenecho mpunga anawatutira ndi ana a mpingo, alamu ali kumisonkhano. Atamaliza kuuika m'nyumba, achemwali anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala pamudzi pa mkazi, choncho wonyamuka ankadziwika. Alamu anayankhula nthawi yaitali, monga mwa masiku onse. Achemwali anayankha mawu ochepa, kuti atopa.

Alamu anachoka ndi njinga ndi wailesi. Anafunafunanso envelopu ija m'nyumba monse osaipeza. Achemwali anali ataikhalira pamkeka nthawi yonse ya mlanduwo.