Kapepala ka Phukusi la Azakhali

Kaderno wanga, kope la kusukulu la chaka chimenecho, amanunkhabe fumbi ndi utomoni wa mango. Pa tsamba la Lachiwiri loyamba la Novembala ndinalemba mzere umodzi wokha: "Ndimachapa malaya a ku shikola, kwabwera kapepala."

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mvula inali isanagwe, ndipo ku Insaca kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Kapepalako kanabwera ndi woyendetsa chapa, minibasi ya ku Cuamba. Bambo anga anakatembenuza kawiri n'kundipatsa. Iwo anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo Chipwitikizi sankachiwerenga, choncho pepala lililonse la boma linkayamba ladutsa m'maso mwanga.

"Werenga, Lusiya. Akuti chiyani?"

"Akuti phukusi la azakhali lafika ku koreyu, ku positi ya ku Cuamba."

"Basi?"

"Basi, ababa."

Koma m'munsi munali mzere wa alifandega, msonkho wa katundu wochokera kunja, ndipo ndalama zake zinkaposa mtengo wa mbuzi. Mzere wina unkati phukusi likamagonera kumeneko ndalamazo zizikwera, ndipo masiku akatha lidzabwezedwa ku Portugal, kumene azakhali a Rozina, alongo awo a bambo, ankasamalira okalamba.

Mizere imeneyi ndinaibisa chifukwa ndinkadziwa chimene chinali m'phukusimo. Makalata opita kwa azakhali ndinkalemba ndine, bambo akutchula mawu ali khale pampando. M'kalata yomaliza, atatha kupereka moni wa aliyense, ndinawonjezera kamzere kanga pakona, kakuti ndinalibe nsapato za ku shikola. Palibe anakaona. Tsopano ndinkaona ngati boma lakawerenga, ndipo likufuna kuti banja lonse lilipire kupempha kwangako.

Pakhomo panadzaza chisangalalo. Mayi ankauza anzawo pamjigo kuti mwina muli zitenje, mwina wailesi. Bambo ankati, "Tidzapita mwezi ukatha, phukusi lilibe miyendo." Ine ndinkangoweramira m'mbale. Tinali ndi mbuzi imodzi yabere yomangidwa pansi pa mpapaya, ndipo madzulo aliwonse ndinkaipatsa makoko a chinangwa ndikuyang'ana kumbali, poti ndinkadziwa kuti ndi yokhayo imene ingagulitsidwe. M'kalasi purofesora, mphunzitsi wathu, akandifunsa, ndinkayankha zosiyana ndi funso. Ndinkapemphera kuti phukusilo lisowe, kenako ndinkapepesa kwa Mulungu pokumbukira manja a azakhali amene analimanga.

Patadutsa sabata ndi theka, bambo anandipatsa shati yawo yoyera kuti ndiisite. Anati agulitsa kadengu ka mtedza, ndalama ya chapa yopita ndi kubwera yakwana, sadikiranso kuti mwezi uthe, apita Lachisanu. Ndinapemerera makala mu simbi, fungo la nsalu yotentha likundilowa m'mphuno, ndipo ndinawaona m'maganizo ataima pawindo la koreyu, chipewa chili m'manja, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo, akuuzidwa m'chinenero chimene sankachimva kuti atulutse ndalama zimene analibe. Ndinaona akubwerera chimanjamanja, shati itada ndi fumbi la msewu. Mantha amenewa anaposa mantha a kukalipidwa.

Lero ndikudziwa kuti msonkho uja unkatsata mtengo umene wotumiza walemba papepala la phukusi. Azakhali anadzandiuza okha ndili wamkulu, akuseka mwamanyazi, kuti analemba mtengo wokwererapo kuti kwathu asaganize kuti amatumiza zakaunjika. Sankadziwa kuti ulemu wawowo udzatilemera ife. Koma mwana amene ankasita shati uja sankadziwa zimenezi. Iye ankangodziwa kuti anapempha mobisa, ndiponso anawerenga mobisa.

Tsamba la tsiku limenelo lili ndi zilembo zazing'ono, zopendekeka, ngati dzanja linkafuna kuthawa: "Mawa, ababa asanatenge khasu, ndiwawerengera kapepala konse mpaka mzere wapansi. Kenako ndiwauza za nsapato."