Mgolo wa Madzi a Mvula

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Jafali, ndimamva fungo lotsekemera la madzi ofunda a mu rediyeta akuchuchira m'beseni lakale pansi pa mtengo wa mango, losakanikirana ndi la oyilo wakuda ndi la mpunga woyanikidwa pabwalo pathu ku Chia. Anali ndi kapikapu koyera konyamulira mpunga ndi nsomba kupita ku Dwangwa, ndipo banja lonse tinkadyera pomwepo. Kamodzi pachaka ankakachotsa madzi oziziritsa injini ndi mafuta a mabuleki, oyilo ndiye kawirikawiri, ali chagada pa chiguduli, chipewa chawo cha kumzikiti atachikoleka pa nthambi kuti chisade. Oyilo wakaleyo asodzi ankadzapempha kuti akapake mabwato, koma madzi obiriwira a mu rediyeta aja sankapatsa munthu. Ankawakwirira kutali ndi mbuzi, ati ndi okoma pakamwa koma amapha.

Chimene anthu ankawaseka nacho ndi madzi. Madalaivala anzawo ankangotunga pa mjigo kapena m'nyanja n'kuthira, koma agogo ankafuna a mvula okha, ndipo osati mvula yoyamba yotsuka fumbi la malata, koma ya mu Januwale. Ankawasunga mu mgolo kuseri kwa nyumba, pamwamba chivindikiro ndi mwala, n'kumasakaniza theka ndi theka ndi mankhwala obiriwira ogula m'botolo. "Kasuzumireni mu ketulo ya agogo anu aakazi," ankatero. "Zoyera zomatirira m'menemo ndiye ziziyenda mu injini yanga?" Mgolo umenewo ngakhale agogo aakaziwo sankaukhudza.

Ine ndinaukhudza. Chaka chimene ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, ndinali ndi mabulauzi awiri oyera osiyiridwa ndi msuweni wanga. Madzi a pa mjigo wathu ankasiya chikasu pa nsalu, sopo osachita n'thovu lomwe, ndipo ine, wokonda kuoneka bwino kuyambira ndili wamng'ono, sindinafune kukafika pakati pa ana a m'tauni ndikuoneka ngati ndagona m'matope. Unali mwezi wa Seputembala, mvula italeka kalekale, mu mgolo mutangotsala ndowa ziwiri. Agogo atapita kumzikiti ku swala ya Lachisanu, ndinatunga onsewo n'kuchapira, kenako ndinabwezeramo a pa mjigo, mwala n'kuuika monga unalili. Mumtima ndinkati madzi ndi madzi, ndani angawasiyanitse.

Ulendo unali wa Lamulungu. Loweruka m'mawa agogo analengeza kuti galimoto yoperekeza wophunzira singayende ndi madzi a chaka chatha. Ine ndinali pakhonde kusita mabulauzi aja ndi simbi ya makala, ndikuona zonse: anamasula kampopi ka pansi pa rediyeta, madzi akale anatha kuchucha, anakawakwirira, n'kupita kuseri ndi chikho. Chimene sindinkadziwa n'chakuti asanathire ankayamba alawa. Anati Bisimila, namwa pang'ono, nawasunga mkamwa kanthawi, kenako analavula pambali. Anayang'ana mgolo, anayang'ana mwala, ndipo maso awo anabwera pakhonde n'kuima pa nsalu imene inali m'manja mwanga. Mantha amene anandigwira sindinawaonepo, simbi inatsala pang'ono kuwotcha kolala.

"Kwagwanji kodi, bambo?" anafunsa agogo aakazi ali kupeta mpunga.

"Palibe," anayankha.

Anakhala pa chitsa nthawi yaitali. Rediyeta inali youma, mvula inali kutali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo akanakana kuthira madzi amenewo ndikanakwera minibasi ndekha ndi chikwama ndi matilesi, munthu wosadziwa ndi Salima yemwe. Kenako anadzuka, anasakaniza madzi a pa mjigowo ndi mankhwala awo, nathira ndi dzanja lawo pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Ndinangomva akunena chapansipansi kuti madzi akatayika sawoleka.

Mawa lake njira yonse ankandionetsa midzi ndi milatho, za mgolo osatchula. Titafika pageti la sukulu anatsitsa katundu, nandikonza kolala ndi zala zawo zakuda m'zikhadabo, mosamala kuti asadetse.

"Akazi anga," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira mwanthabwala, "bulauziyi yayera zedi. Koma mukanandiuza, ndikanakutungirani ndekha, n'kusiyako pang'ono a galimoto. Akanatikwanira tonse."

Ndinalira, iwo n'kumaseka kuti anzanga aziti akazi a Jafali ndi olira.

Nditabwera kutchuthi ndinamva kwa agogo aakazi kuti nkhani ya madzi a pa mjigo inafika pasiteji, ndipo madalaivala ananyogodola agogo aamuna mpaka mvula inagwa, amvekere nanunso mwayamba kumwa zathu. Iwo sanatchule dzina la munthu, ngakhale kwa akazi awo, amene anangodzizindikirira okha.

Anamwalira ndili Fomu 3. Nthawi yonseyo ndinkati ndidzapepesa tchuthi chikubwerachi, ndikadzakhala nawo awiriwiri, koma chifukwa cha manyazi tchuthi chilichonse chinkatha ndisananene. Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndapepesapo kwa anthu ambiri pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono. Pepani wa agogo yekha ndidakali naye.